Mafunso opeza cholakwika pa kaganizidwe akundigwetsa, ndithandizeni

Nthambi_24
Moni nonse a pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga zomwe mumalemba kwa miyezi iwiri osayankhula koma lero zandifika pakhosi. Ndikukonzekera LSAT, mayeso olowera kusukulu za zamalamulo ku America, ndipo ku Logical Reasoning, gawo loyeza kaganizidwe, mafunso ena ndimayesetsa ndithu, koma akangoti pezani cholakwika pa kaganizidwe ka munthuyu, aja amati flaw questions aja, basi kwanga kwatha. Dzulo ndachita 12 ndakhoza 5 okha. Chikundiwawa kwambiri nchoti mayankho atatu ndimawachotsa bwinobwino nkutsala ndi awiri, nde pa awiriwo dzanja limakagwera pa lolakwikalo. Taonani ili, ndalitembenuzira mChichewa kuti tilione tonse:

Woyang'anira laibulale akuti: buku lililonse likapambana mphoto yaikulu, anthu amalibwereka kwambiri mwezi wotsatirawo. Buku ili anthu alibwereka kwambiri mwezi uno. Choncho buku ili linapambana mphoto yaikulu mwezi watha.

A. sakutchula kuti mphotoyo ndi iti
B. akutenga chinthu chokwanira kubweretsa zotsatirazo ngati kuti popanda icho zotsatirazo sizingachitike
C. sakuganizira kuti mabuku ena opambana mphoto anthu sawabwereka
D. akunyoza obwereka mabuku mmalo moyankha mfundo zawo
E. akungobwereza zomwe wanena kale poyamba

Ine ndasankha C, kumapeto kwa pepala akuti B. Koma C ndi zoona kumene, alipo mabuku opambana mphoto omwe amangochita fumbi pashelefu. Nde ndalakwa pati?

Gologolo88
B asisi. Watembenuza muvi ameneyo.

Nthambi_24
Muvi wake uti achimwene? Mawu amenewa ndimawaona paliponse koma palibe amandifotokozera.

Kadzidzi
Takulandirani a Nthambi. Tiyambe ndi C yanuyo chifukwa mpamene pali vuto lenileni. Woyang'anira laibulale uja wanena zinthu zitatu, ziwiri zoyambazo ndi maziko ake, chachitatu chija chayamba ndi "choncho" ndi chimene akufuna tivomereze. Pa mayeso amenewa mazikowo mumawalandira mmene alili, ngakhale mukudziwa kuti kunjaku sizili choncho. Wati buku LILILONSE lopambana mphoto limabwerekedwa kwambiri, ndiye mkati mwa funsoli ndi mmene zilili basi. C ikulimbana ndi mazikowo, ikuti bambo inu mukunama. Koma sanakufunseni ngati akunama, akufunsani kuti titavomera zonse wanenazo, kodi "choncho" wakeyo akutsatiradi?

Za muvi. Lembani papepala: mphoto → kubwerekedwa. Muviwo ukuloza mbali imodzi yokha. Mukandiuza kuti buku lapambana mphoto ndidziwa kuti libwerekedwa. Koma mukandiuza kuti labwerekedwa kwambiri sindikudziwa chilichonse za mphoto, mwina aphunzitsi alamula kalasi yonse kuti iliwerenge, mwina apanga filimu yochokera mbukulo, mwina wolemba wake wamwalira sabata yatha anthu akufuna amukumbukire. Iye wayenda chobwerera pa muviwo.

Onani ndi manambala, pamenepa sipakhala mkangano. Nambala iliyonse yogawika ndi 4 imagawikanso ndi 2. Nambala yanga imagawika ndi 2. Choncho imagawika ndi 4? Nanga 6? Nanga 10? Kaganizidwe kake nkomweko ndi ka laibulale kaja, kangosintha zovala.

Nthambi_24
Eee ya 6 ija yandilowa. Ndiye kuti ine ndimakangana ndi munthuyo mmalo moyang'ana pamene wadumpha?

Kadzidzi
Ndi zomwezo. Mawu mwagwiritsa ntchitowo asungeni, "pamene wadumpha". Funso lililonse la mtundu uwu lili ndi malo amene wolemba waima ndi malo amene akufuna afike, ntchito yanu nkuloza dzenje lili pakatipo.

Mphepo_ya_kummwera
Ine apa sindikugwirizana nanu kwenikweni a Kadzidzi. Mukuphunzitsa anthu kumangovomera zilizonse auzidwa. Munthu woganiza bwino akamva bodza amayenera kunena kuti ili ndi bodza, nde mayeso akuti ndi a logic koma akukuletsa kutsutsa zabodza? Kwa ine C ikanayenera kulandiridwanso.

Kadzidzi
Achimwene a Mphepo, mfundo yanu ndi yomveka ndipo pa moyo weniweni muyenera kuchita zonse ziwiri, kufufuza ngati zomwe mwauzidwa nzoona komanso kuona ngati mathero ake akutsatira. Koma ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yoyambayo imafuna mudziwe za mabuku, za mankhwala, za zomera, kutengera nkhani yake, ndipo mayesowa amalembedwa ndi anthu ophunzira zinthu zosiyanasiyana nde sangakufunseni zimenezo. Yachiwiriyo aliyense angaichite ndi zomwe zili papepalapo. Ndiponso taganizani, ngakhale C titaikonza, titapeza kuti zoonadi buku lililonse lopambana limabwerekedwa, mkulu uja akhalabe wolakwa. Ndiye C sinakhudze nthenda yake.

Mphepo_ya_kummwera
Chomalizachi ndachimva. Komabe ndikuona kuti amatizoloweretsa zoipa.

MaiWaAwiri
Ine ndinalemba chaka chatha ndipo chimene chinandisintha ndi ichi: ndisanayang'ane A mpaka E ndimaphimba ndi dzanja pa sikirini nkunena ndekha mmawu anga kuti vuto apa ndi lakuti. Ngakhale mwachidule, "akhoza kubwereka pa zifukwa zina". Ndikatero ndimapita kukasaka yankho lofanana ndi zomwe ndanenazo. Poyamba ndinkangothamangira mayankho ndilibe maganizo anga, nde lililonse limaoneka lokoma chifukwa olemba mayesowa amadziwa kukometsa yankho labodza. Yankho loona nthawi zambiri amalilemba mChingerezi chouma chija cha sufficient (chokwanira) ndi necessary (chofunika), labodzalo nkulilemba mosavuta ndi mawu omwewo ali munkhanimo. Maso amakonda mawu omwe awaona kale.

Dontho
Ndi nthawi yake iti yophimba ndi dzanja mayi? Mphindi 35 mafunso pafupifupi 25, ndiye kuti funso limodzi masekondi 84. Ine ndikangoima kuganiza nthawi yatha.

MaiWaAwiri
Poyeserera musayambe ndi wotchi bambo. Ine mwezi woyamba wonse funso limodzi ndimatha nalo mphindi 10 kapena kuposa, ana akagona ndimakhala ndi mafunso asanu okha usiku wonse. Liwiro linabwera lokha nditayamba kuzindikira kuti zolakwikazo nzomwezomwezo zimangobwerabwera. Kuthamanga sikufika.

AnkoloLogic
Loweza mndandanda wa zolakwika basi, palibenso njira ina. Aristotle, wanzeru wa ku Greece uja, anatchula 13 kalekale zaka zoposa 2,300 zapitazo ndipo zambiri mwa izo ndi zomwe zikubwerabe lero: mawu amodzi kuwagwiritsa ntchito mmatanthauzo awiri, kuzungulira pamalo amodzi (mathero kungobwereza maziko), kutembenuza muvi komwe mukukambaku. Uwonjezepo kutenga za chiwalo chimodzi nkuika pa thupi lonse, kunyoza munthu mmalo mwa mfundo yake, kusokoneza peresenti ndi chiwerengero, kufunsa anthu ochepa nkunena za onse, kunena kuti poti palibe umboni woti chilipo ndiye kulibe. Ukaloweza zimenezi wamaliza.

Gologolo88
Ankolo kuloweza kokha ayi. Ine ndinaloweza mpaka maina a Chilatini, ad hominem, post hoc ergo propter hoc, zonse, koma malikisi sanasunthe kwa miyezi iwiri. Pa mayeso salemba dzinalo, amalifotokoza mozungulira nde umalidutsa osalizindikira. Ndipo choipa china ukaloweza umayamba kuona cholakwika paliponse. Ndinkangoti ndaona wasayansi watchulidwa basi ndathamangira yankho loti akudalira katswiri, chonsecho kudalira katswiri pa nkhani ya ukatswiri wake si kulakwa. Kulakwa nkufunsa katswiri wa nyenyezi za matenda a impso.

AnkoloLogic
Ndiye vuto linali iwe osati mndandandawo mphwanga. Dokotala amaloweza maina a matenda kaye kenako nkumaona odwala.

Gologolo88
Eya koma amaona odwala ambirimbiri, ndi chimene ndikunena. Mwati "wamaliza", ine ndikuti wangoyamba kumene.

Kadzidzi
Nonse awiri mukunena zoona mbali zake. Chimene ndingaonjezere pa mawu a Gologolo ndi sefa yomwe ndimagwiritsa ntchito ndikatsala ndi mayankho awiri ngati mmene a Nthambi amatsalira. Yankho lililonse ndimalifunsa mafunso awiri. Kodi wolembayu wachitadi zimenezi? Ngati wachita, kodi ndi zimene zikugwetsa mfundo yake? Tengani funso la laibulale lija. D ikunena cholakwika chenicheni chodziwika, koma mkulu uja sananyoze munthu aliyense, yagwa pa funso loyamba. E chimodzimodzi, mathero ake ndi nkhani yatsopano sanabwereze kanthu. A ndi yochenjera pang'ono chifukwa zoonadi sanatchule dzina la mphoto, wachitadi zimenezo, koma atatchula dzinalo chingasinthe nchiyani? Yagwa pa funso lachiwiri. Pa zomwe ndaona ine, yankho loti akuzungulira pamalo amodzi limapezeka kawirikawiri pa mndandanda koma kukhala lolondola ndi mwa apo ndi apo, nde mukaliona fufuzani kawiri.

Mlonda_usiku
Tayesani aka kuti muone ngati za muvi zalowadi. Ndi kamayeso komwe katswiri wa zamaganizo wa ku England, Peter Wason, anatulutsa mu 1966. Patebulo pali makadi anayi, lililonse mbali ina lili ndi lembo mbali inayo nambala. Inu mukuona E, K, 4, 7. Lamulo likuti: ngati khadi lili ndi vawelo mbali imodzi, mbali inayo pali nambala yogawika ndi 2. Mutembenuze makadi ati, ochepetsetsa, kuti mudziwe ngati lamuloli lasungidwa? Osakasaka pa Google chonde.

Dontho
E ndi 4.

Nthambi_24
Inenso E ndi 4.

Mphepo_ya_kummwera
Onse anayi, kuti mtima ukhale mmalo.

Nthambi_24
Dikirani kaye. Ndalemba papepala, vawelo → yogawika ndi 2. Ndikatembenuza 4 nkupeza K kuseri lamulo silinasweke chifukwa silinanene kanthu za malembo enawo. Ndikapeza A silinaswekenso. Ndiye 4 alibe ntchito, ndi buku lobwerekedwa lija lomweli! Koma 7 ndikapeza vawelo kuseri kwake lamulo lagwa. Ndasintha, E ndi 7.

Mlonda_usiku
Mwakhoza asisi, E ndi 7. Ndipo musadandaule kuti poyamba munapita pa 4, anthu ambiri amene anayesedwa ndi Wason analakwa ndipo E ndi 4 ndi limene ambiri amathamangira. Chosangalatsa nchoti mu 1982 Griggs ndi Cox anasintha nkhani yokha kusiya kapangidwe komweko, anati ngati munthu akumwa mowa akhale woti wakwanitsa zaka zovomerezeka, makadi nkukhala womwa mowa, womwa chakumwa wamba, wamkulu ndi wamng'ono. Apo ambiri anakhoza mosavuta, aliyense amadziwa kuti ufufuze womwa mowayo ndi mwanayo, wamkulu uja musiyeni amwe chimene akufuna. Nde mutu wathu logic imeneyi uli nayo, umangosokonezeka nkhani ikakhala yachilendo. Nchifukwa chake ine funso likandivuta ndimachotsa nkhani yawoyo nkuikapo yanga yodziwika, mafupa ake nkusiya omwewo.

Kadzidzi
Ndipo zimene a Nthambi achita ndi 7 zija ndi njira yokhayo yololedwa yobwerera pa muvi, kutembenuza nkukana mbali zonse ziwiri, ija amati contrapositive. Mphoto → kubwerekedwa, ndiye kuti losabwerekedwa → silinapambane mphoto. Kutembenuza kokha osakana nkulakwa. Kukana kokha osatembenuza, kunena kuti silinapambane mphoto ndiye silibwerekedwa, nkulakwanso, ndipo kumabwera pa mayeso kawirikawiri ngati mnzakeyo.

Chisoni_K9
Pepani ndikupatutseni pang'ono. Alipo akudziwa ngati ma logic games aja, gawo la mafunso osanja zinthu motsatira malamulo, adakalipo pa LSAT? Buku lomwe ndabwereka kwa mnzanga theka lonse ndi zimenezo.

MaiWaAwiri
Anachotsa kuyambira Ogasiti 2024. Pano magawo owerengedwa malikisi ndi atatu, awiri a Logical Reasoning limodzi la Reading Comprehension (kumvetsa nkhani yomwe wawerenga), kuphatikiza lina loyesera mafunso atsopano lomwe saliwerengera koma simudziwa kuti ndi liti. Malikisi akadali 120 mpaka 180. Bukulo ndi lakale koma mbali ya Logical Reasoning ikadagwirabe ntchito, ndipo pano ndi imene yalemera kwambiri.

Chisoni_K9
Mayo ine, milungu itatu ndakhala ndikujambula matebulo aja. Zikomo mayi mwandipulumutsa.

Gologolo88
Sizinapite pachabe asisi, mivi munaphunzira kumeneko ija ndi yomweyi tikukambayi.

Dontho
Ine vuto langa si logic koma Chingerezi chawocho. Unless, only if, some, most. Makamaka unless ndikangomuona mutu umaima.

Kadzidzi
Unless muzimuwerenga ngati "pokhapokha" wathuyu, zimatheka bwino. Sulowa muholo pokhapokha uli ndi tikiti. Tanthauzo lake nchiyani? Aliyense walowa ali ndi tikiti, kulowa → tikiti. Koma silikulonjeza kuti aliyense wa tikiti alowa, akhoza kuchedwa nkupeza zitseko zatsekedwa. Tikiti ndi yofunika koma si yokwanira. Only if ndi chimodzimodzi, chimene chabwera pambuyo pake chimakhala kunsonga kwa muvi.

Amene amatipusitsa kwambiri ife ndi some. Timamumasulira kuti "ena", ndipo tikati ena abwera khutu limamva kuti ena sanabwere. Pa mayesowa some amatanthauza mmodzi kapena kuposerapo, mpaka akhoza kukhala onse. Nde akati some A are B musamalize nokha kuti alipo ma A omwe si B, sananene zimenezo. Most ndi kupitirira theka, 51 pa 100 ndi most kale. Apa pali kanthu kokongola: ngati ambiri mwa ophunzira 100 amaimba ndipo ambiri mwa ophunzira omwewo amathamanga, payenera kukhala wina wochita zonse ziwiri, chifukwa 51 ndi 51 ndi 102, sangakwane mu 100 osagundana. Koma ena amaimba, ena amathamanga, apo simunganene kanthu, akhoza kukhala anthu osiyana kotheratu.

Dontho
Ya "ena" ija yandigwetsa kambirimbiri osadziwa chifukwa chake. Ndailemba pachikuto cha kope.

Nyota_wa_malamulo
Ine ndingokulangizani kuti mulipire kosi. Onse amene ndikuwadziwa anapeza kupitirira 165 anachita kosi yolipira, pa tsamba la kosi yomwe ndikuchita ine pali maumboni awo ambirimbiri. Kuwerenga wekha nkutaya nthawi.

Mlonda_usiku
Achimwene ndikupempheni muwerengenso zomwe mwalembazo ngati funso la mayeso, chifukwa ndi chitsanzo chabwino kwa tonse. Pa tsambalo amaikapo maumboni a ndani? A amene anakhoza. Amene analipira nkulephera salemba umboni, ndipo atalemba sangauike. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Abraham Wald, katswiri wa masamu yemwe ankagwira ntchito ndi gulu la akatswiri ku Columbia University ku New York, anakumana ndi nkhani yofanana pa ndege zankhondo. Ndege zobwerako zinali ndi mabowo a zipolopolo ambiri mbali zina, ochepa pa injini. Kungoyang'ana ungati tilimbitse pamene pali mabowo ambiripo. Koma zomwe zinalasidwa pa injini zambiri sizinabwereko nkomwe kuti ziwerengedwe. Mukuwerenga ndege zobwerako zokha. Sindikuti kosi siithandiza, mwina imathandizadi, ndikuti umboni mwaperekawo sukufika pamene mukufuna ufike.

Nyota_wa_malamulo
Koma ine yandithandiza, ndachoka pa 149 kufika 157.

Gologolo88
Mwachita bwino kwambiri. Koma pa miyezi imeneyo munachitanso mafunso angati? Nde chakukwezani ndi kosi kapena mafunsowo?

Nyota_wa_malamulo
Zonse mwina. Chabwino, "nkutaya nthawi" ndabweza. Koma kwa munthu wosowa womuongolera ndikuonabe kuti imathandiza.

AnkoloLogic
Pa nkhani yomweyi ya kufunsa anthu olakwika, anthu amaganiza kuti bola chiwerengero chikhale chachikulu. Mu 1936 magazini ya Literary Digest ku America inatumiza mapepala pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu yemwe amuvotere kukhala pulezidenti, oposa 2 miliyoni anabweza, iwo nkulengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt. Zitachitika zisankho Roosevelt anatenga zigawo 46 mwa 48, Landon anangopeza Maine ndi Vermont. Maina ambiri anawatenga mmabuku a manambala a telefoni ndi mkaundula wa eni magalimoto, nthawi ya umphawi waukulu ija pomwe zimenezi zinali za opezako bwino, komanso amene anavutika kubweza pepalalo sanali ofanana ndi amene sanabweze. Ndiye funso likakamba za kafukufuku musangoona kuti afunsa angati, onani kuti afunsa ndani, ndipo mathero akukamba za ndani.

Mphepo_ya_kummwera
Izi ndiye ndimazikonda, apa zikugwira ntchito ngakhale kunja kwa mayeso. Komabe funso langa lija palibe wayankha mokwanira, kodi mayeso amenewa amayezadi nzeru? Munthu akhoza kukhala loya wabwino osadziwa contrapositive.

MaiWaAwiri
Imeneyo tsegulani mutu wake wina bambo, titha sabata. Pano tithandize mwana wa eni akhoze kaye.

Nthambi_24
Zikomo mayi. Ndabwera ndi lina, ndayesa njira yophimba mayankho ija. Funso likuti: pa kampani ina apeza kuti ogwira ntchito amene amabwera pa njinga sajombajomba chifukwa cha matenda poyerekeza ndi anzawo. Bwana akuti choncho kupalasa njinga kumateteza ku matenda, tigulire aliyense njinga. Mmawu anga ndinati: mwina ndi athanzi kale nchifukwa chake amatha kupalasa. Ndatsala ndi awiri. Lina likuti "takes for granted" kuti njinga ndi njira yokhayo yochepetsera kujomba. Linalo likuti "overlooks the possibility" kuti anthu odwaladwala amapewa kupalasa. Ndasankha lachiwirili ndipo ndakhoza, koma ndikufuna ndimvetse chifukwa chimene loyambalo lalakwikira, chifukwa likuonekanso ngati lanzeru.

Kadzidzi
Funso labwino kwambiri, ndipo mawu awiri oyambira mwawatchulawo amafuna kuyesedwa mosiyana. Yankho likayamba ndi takes for granted kapena presumes, likunena kuti wolembayo akudalira chinthu chimenechi osachitchula. Ndiye chikaneni muone ngati mfundo yake igwa. Tinene kuti njira zina zochepetsera kujomba zilipo, katemera, kugona mokwanira. Kodi mawu a bwana oti njinga imateteza agwa? Ayi, iye sananene kuti ndi njinga yokha, zonse zikhoza kuthandiza limodzi. Ndiye sakudalira zimenezo, yankholo likumunamizira. Mawu ngati "yokhayo", "nthawi zonse", "onse" pa yankho la mtundu uwu muziwayang'anitsitsa, nthawi zambiri amakula kuposa zomwe wolemba wanena.

Likayamba ndi overlooks kapena fails to consider, likunena chinthu chomwe wolemba sanachiganizire. Apo musakane, chivomereni kuti nchoona nkuona ngati chikumupweteka. Tinene zoonadi odwaladwala amapewa njinga. Basi zomwe kampani yapeza zafotokozeka popanda njinga kuteteza aliyense, thanzi ndi limene likubweretsa njinga osati njinga kubweretsa thanzi. Chamupweteka, ndiye ndi yankho.

Mlonda_usiku
Pa mafunso a "ichi chikuchititsa icho" ine ndimayenda ndi mafunso atatu mthumba. Kodi sizikuyenda chobwerera ngati mmene mwapezeramu? Kodi palibe chachitatu chikuchititsa zonse ziwiri, mwachitsanzo opalasawo ndi achinyamata, unyamatawo ndi umene ukuwapatsa mphamvu zopalasa komanso kusadwaladwala? Kapena zangokumana mwangozi poti anthu ake ndi ochepa? Yankho loona limakhala limodzi mwa amenewa pafupifupi nthawi zonse zomwe ndakumana nazo.

Dontho
Nanga la peresenti lija? Ndinalakwa lina loti ngozi za pa fakitale zinali 10% ya ngozi zonse mumzinda chaka chatha, chaka chino ndi 20%, choncho ngozi za pa fakitale zachuluka.

Gologolo88
Ika manambala ako aise. Chaka chatha ngozi zonse 1,000, 10% ndi 100. Chaka chino ngozi zonse zatsika kufika 400, 20% ndi 80. Peresenti yakwera kawiri koma ngozi za pa fakitale zatsika kuchoka 100 kufika 80. Ukangoona maziko akukamba peresenti mathero nkukamba chiwerengero, kapena mosemphanitsa, funsa kuti chinthu chonsecho chakula kapena chachepa.

Dontho
Aaa zinali zophweka chonchi. Ndinasankha loti sanatchule mtundu wa ngozi.

Nthambi_24
Ameneyo ndi A wa laibulale uja a Dontho, wachitadi koma sizikugwetsa kanthu.

MaiWaAwiri
Mwaona, mwayamba kale kuphunzitsa anzanu. Chinthu china chomwe ndingakupatseni, gulani kope lapadera la mafunso olakwa okhaokha. Ine funso lililonse ndalakwa ndinkalemba mizere itatu: mathero a wolemba anali ati, yankho ndinasankhalo linandikopa ndi chiyani, loonalo ndinalikana chifukwa chiyani. Mzere wapakatiwo ndi umene unandionetsa khalidwe langa. Nditawerenga masamba a mwezi wathunthu ndinapeza kuti kambiri ndinkalakwitsa mathero enieniwo, ndinkatenga chiganizo chomaliza ngati ndiye mathero chonsecho nthawi zina amawaika pakati, pambuyo pa "koma", makamaka nkhani ikayamba ndi "anthu ena amati". Ukaphonya mathero dzenje ulisaka malo olakwika. Ndipo tsiku la mayeso osasiya funso lopanda yankho, sachotsa malikisi ukalakwa.

Nthambi_24
Ndabweranso. Usiku wathawu ndachita ena 12 opanda wotchi, zanditengera pafupifupi maola awiri, ndakhoza 9. Mwa atatu ndalakwawo awiri ndi a mawu osintha tanthauzo pakati pa nkhani, lina linayamba ndi "ufulu" wotanthauza kuti lamulo silikuletsa nkuthera pa "ufulu" wotanthauza kuti wina akuyenera kukupatsa, ine osaona kuti mawuwo asintha. Lachitatu ndabwereranso ku chizolowezi chokangana ndi maziko, ndazindikira nditasankha kale. Kope ndagula, ndalembamo atatuwo. A Kadzidzi, a mawu osintha tanthauzowa mumawagwira bwanji msanga?

Kadzidzi
Mawu amodzi akabwera mmaziko nkubweranso mmathero, ndipo mfundo yonse yatsamira pa iwo, ndimawachotsa nkuikapo tanthauzo lake la pachiganizo choyamba, kenako nkuwerenga mathero ndi tanthauzo lomwelo. Pa lanulo muwerenge kuti "lamulo silikundiletsa" malo onse awiri, mumva nokha kuti chiganizo chomaliza sichikuimanso. Tumizani funso lonselo ndi mayankho ake asanu tiliyese limodzi, a Dontho ayambe ndi iwo kuyankha.

Dontho
Tumizani asisi, pensulo ili mmanja.